Scott 388 iyi yandisowetsa tulo, thandizeni

Wa ku Limbe: Akuluakulu, ndagula alubamu ya masitampu a ku America kwa mayi wina amene mwamuna wake anamwalira. M'katimo muli sitampu ya 2c yofiira ya nkhope ya George Washington, coil (ya pa mpukutu, yokhala ndi mano mbali ziwiri zokha), mano 12 pa 2cm iliyonse kumanzere ndi kumanja, watermark (chizindikiro cha m'kati mwa pepala) ya zilembo za mzere umodzi. Ndiye kuti 388, nambala yake m'buku la masitampu la Scott. Kasitomala akufuna yankho pofika Lachisanu ngati ndi yeniyeni. Koma timabowo take ndi toyera kwambiri, tozungulira bwinobwino ngati taboola dzulo. Ndayeza kanayi, mutu wazungulira. Nditani?

aNgozo: Yezani kutalika kwake achimwene. Ikafika pafupifupi 25mm ndipo m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi mukuyenda mofanana, ndi yeniyeni. Rula sinama.

Mayi a ku Leeds: Rula imagwira okhawo amene anadula mano a 375, 2c yomweyo koma ya mano mbali zonse zinayi. Akuba ochenjera amatenga 384, ija yopanda mano, yomwe ndi yotchipa, n'kuiboola okha. Pepala lomwelo, watermark yomweyo, kutalika kokwanira. Ikani pa galasi lokulitsa. Bowo lenileni limakhala lopendekeka pang'ono, ndi tiulusi ta pepala m'kati mwake. Loyera ngati la panchi ya mu ofesi, ine ndimachita nalo mantha.

aNgozo: Ine zaka zonsezi ndimayeza basi, palibe wandibwezera katundu.

Mkulu wa ku Zomba: Sanabweze chifukwa sanadziwe, aNgozo. Ine ndinagulapo line pair, masitampu awiri olumikizana okhala ndi mzere pakati pawo, mtima uli m'mwamba. Nditaiunika ndi tochi cham'mbali, mzere wapakati uja unali wojambula ndi cholembera, inki yake inalowerera mpaka m'timabowo. Mzere weniweni umasindikizidwa pamodzi ndi sitampu, mtundu umodzi. Ndalama ya fizi ya mwana inapita choncho, mpaka lero akazi anga amandikumbutsa.

Mayi a ku Leeds: Pepani bambo. Inu a ku Limbe, yerekezani mano ndi sitampu yotchipa ya nthawi yomweyo, kapena Kiusalas gauge, choyezera mano a masitampu a ku America, pa chizindikiro cha 12-66. Koma ngakhale zigwirizane, musalembe kuti 388 popanda satifiketi. Tumizani kwa akatswiri otsimikizira masitampu ku America, a Philatelic Foundation ku New York kapena a APEX ku Bellefonte. Iwo ali ndi zenizeni zoyerekezera, ife tilibe.

aNgozo: Kutumiza ku America ndi mtengo wa dola wa masiku anowu? Mulipire positi, mulipire akatswiri, mudikire miyezi. Yezani, mugulitse.

Wa ku Limbe: Ndayeza, yakwana 25. Koma timabowo tija tikundidetsabe nkhawa. Kasitomala waimbanso.

Mkulu wa ku Zomba: Muuzeni adikire. Akakana, mugulitseni pa mtengo wa 384 yowonongeka, mumuuze poyera chifukwa chake. Ndipo musaiviike m'madzi ngati ili ndi guluu wake. Kodi mu alubamumo mulibe 3c ya mtundu wa papo? Aliyense amalota 389, 3c ya coil yosowa kwambiri yomwe inagwiritsidwa ntchito ku Orangeburg m'chigawo cha New York, ine ndaonapo zitatu, zonse zabodza.

aNgozo: Yakwana 25 mwati? Ndiye mukudikiranji?