Adzukulu akubwera holide ino, ndiwaphunzitse bwanji kuluka osayambana ndi mayi awo?

Gogo wa ku Nkhoma

Moni nonse. Ndine mayi wachikulire, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo ndimakhala kumudzi kuno ku Nkhoma, mukatsikira pa Kamphata n'kulowera kuphiri. Sukulu zikatsekera mu Julayemu, mwana wanga wamwamuna amene amagwira ntchito ku Blantyre atitumizira ana ake awiri kuti adzakhale nafe mpaka potsegulira. Wamkulu ndi mtsikana wa Sitandade 6, wamng'ono ndi mnyamata wa zaka 8 yemwe sakhala pansi.

Ine ndimaluka majuzi, zipewa ndi mashawelo a makanda. Ndinaphunzira ndili mtsikana kwa amayi a Chigwirizano, ndipo singano zanga zoyamba zinali masipoko a njinga omwe achimwene anga anandinolera pamwala. Abambo akunyumba kuno nawo manja awo sakhala chete: malichero, madengu, ngakhale nkhokwe yathuyi analuka okha ndi nsungwi za kudimba. Tonse awiri maso ayamba kuchita chidima, ndipo mwa ana athu palibe ndi mmodzi yemwe anatola lusoli. Ndiye maganizo anga anali oti mtsikanayu ndimugwiritse singano, mnyamatayo azikhala pambali pa agogo ake akamasenda nsungwi.

Nditamuuza mpongozi wanga pafoni anayankha mwaulemu ndithu, koma ndinamva kuti sizinamukomere. Akuti ana akubwera kudzapuma osati kudzagwira ntchito, mpeni asaukhudze, komanso mtsikanayo ali ndi mabuku oti awerenge poti mayeso a Sitandade 8 sali patali. Anawonjezera kuti juzi ya kaunjika mumsika wa Limbe ndi yotchipa kuposa ulusi wolukira juzi imodzi. Pamenepo sindingatsutse. Ndiponso mukudziwa za kwathu kuno, ana a mwana wamwamuna eni ake ndi akuchikazi, ine mawu anga pa anawa ndi opempha chabe.

China chimene chikundiwawa: chaka chatha ndinamulukira mtsikanayu juzi yakhofi yamizere, ndinaitumiza kusanayambe kuzizira. Zithunzi zonse zimene amanditumizira pa WhatsApp ali ndi jekete ya zipi, juzi yanga sindinaionepo pathupi pake.

Amene munadutsamo ndithandizeni. Mwana wam'tauni mumayamba naye chiyani kuti asatope tsiku loyamba lomwelo? Mnyamata wa msinkhu umenewu angagwire mpeni? Nanga mayi awo ndiwalankhule bwanji?

Mayi wa ku Chilomoni

Agogo, ndiloleni ndimuyankhulireko mpongozi wanuyo, poti nanenso ndine mpongozi wa eni ake ndipo ana anga ndimawatumiza kumudzi ku Ntcheu.

Ambirife tikamva kuti holide kumudzi timakumbukira zathu. Umafika lero, mawa lake ndowa ili pamutu, ukabwerako kutonola chimanga mpaka zala kutuluka matuza, madzulo pamtondo. Ogasiti ndi mwezi wotonola ndi kuthira mankhwala m'matumba, aliyense amadziwa. Ndiye mayi akamva apongozi akuti ndiwaphunzitsa ntchito zamanja, m'mutu mwake simubwera singano ndi ulusi ayi, mumabwera ndowa ija. Muimbireninso, koma mawu oti kuphunzitsa muwasiye. Yambani ndi zimene zimamusowetsa tulo iyeyo: anawo azigona mu neti, madzi akumwa ndi a pamjigo, usiku powotha moto pamakhala munthu wamkulu. Nyengo yozizirayi ana ambiri amapsa ndi moto wowotha, ndipo ana am'tauni sadziwa kukhala pafupi ndi mafuwa. Akamva kuti zimenezo mwaziganizira kale, za ulusizo sadzalimbana nazo. Mabukuwo muvomereni, ndinu aphunzitsi, m'mawa ola limodzi muzimuwerengetsa nokha. Apo mpongozi adzakuthokozani n'kugwada komwe.

Za juziyo musadandaule nazo kwambiri. Mwana wa Sitandade 6 ku Blantyre amavala zimene anzake sangamuseke nazo, basi. Yakhofi yamizere kwa iyeyo ndi ya agogo. Mwinanso ulusiwo umamuyabwa pakhosi koma akuopa kunena. Wanga anakana chipewa chimene apongozi anga anamulukira, koma atamutenga kumsika kuti asankhe yekha ulusi, anasankha wapinki wowala woti ine sindingauyang'ane kawiri, ndipo chipewa chimenecho sachivula ngakhale kutatentha.

Musayambe naye juzi. Juzi imatenga masabata, mwana amafuna aone chinthu chatha mawa. Kalamba ka kumutu, kachikwama ka foni, zoterozo. Ndipo ngati muli ndi singano imodzi ija ya kangowe kunsonga, yambirani imeneyo, chifukwa diso limakhala limodzi lokha, silimuthawa monga amathawira maso ambirimbiri pa singano ziwiri. Masiku ano atsikana akuvala zipewa ndi tizikwama toluka choncho, amaziona pa TikTok. Mukhoza kudabwa kuti iyeyo ndi amene akuonetseni pafoni chimene akufuna.

Bambo wa ku Mangochi

Mayi, ine ndiyankhe za mnyamatayo, poti kuluka ndi kumene kwandilerera ana.

Mpongozi wanu pa za mpeni akunena zoona, koma choopsa kwambiri si mpeni, ndi nsungwi yomweyo. Nsungwi yongong'ambidwa kumene m'mbali mwake imacheka ngati lezala, ndipo mwana amaigwira mokoka. Bambo akunyumbako akudziwa, awonetseni zala zawo muone zipsera. Kung'amba ndi kusenda kukhale kwa iwo. Akamaliza kupala bwinobwino mpaka m'mbali mutafa, aziviike m'madzi, ndiye mwanayo apatsidwe zofewazo. Poyala pansi paja, kupitiriza kamodzi pamwamba kamodzi pansi, mwana wa zaka 8 amatha bwino, amapondera ndi phazi mbali imodzi uku akulowetsa. Kupinda kuti lichero likhale ndi mimba ndi kumanga mkombero ndiye kwa akulu, pamafunika mphamvu m'zala ndipo mkombero ukafwamphuka umamenya kumaso. Amupangire kalichero kakang'ono kake, kokwana mbale, akapite nako kwawo.

Koma mukanandifunsa ine, ndikanati muyambe ndi mlaza, masamba aja a mgwalangwa. Kuno kunyanja ana amayamba nawo asanalowe n'komwe sukulu, chifukwa sufuna mpeni. Timadula nsonga yanthete ija isanatambasuke, kuyanika padzuwa mpaka iyere, kenako kung'amba ndi chikhadabo kapena kansonga ka waya kuti timizere tifanane kukula. Mitsitsi yolimba ya m'mbali sititaya, ndiyo timamangira masache. Ukatero umaluka chilamba chachitali, kuchikulunga chikamatalika, ndipo zilambazo ndi zimene timalumikiza kuti pakhale mkeka, chipewa kapena chikwama. Ubwino wake chilamba umaluka uli chiyimire, uli kucheza, ngakhale ukuyenda. Kwa mwana wosakhala pansi ngati wanuyo, imeneyo ndiye ntchito yake. Kwanuko migwalangwa ndi yosowa, koma amene amapita ku Salima akhoza kukutengerani mtolo wouma kale, sulemera.

Mphasa ayi, musamuyambitse. Bango limacheka kuposa nsungwi, ndipo chisingano chake chosokera khonje chija ndi chachitali moti ngakhale wamkulu chimamulasa pachikhatho.

Pa zoti kaunjika watchipa, ifenso pulasitiki anatilanda msika. Madengu anthu asiya, akugula mabeseni. Nkhokwe ndiye zikutha, chimanga chikugona m'matumba m'nyumba kuopa akuba ndi anankafumbwe. Koma lichero lokha lakana kufa. Pitani m'nyumba ya bwana aliyense ku Namiwawa kaya ku Area 10, kukhitchini mukalipeza, chifukwa mpunga ndi nyemba sungapete m'beseni. Muwauze bambowo kuti mwa zonse zimene amaluka, chimenecho ndicho asafe nacho okha.

Gogo wa ku Nkhoma

Zikomo amayi a ku Chilomoni, mwandiuza zimene mpongozi wanga sakanatha kundiuza pamaso. Bambo a ku Mangochi, ndawawerengera abambo akunyumba zonse mwalembazi. Aseka, akuti za mkombero mwanena zoona, unawamenyapo pamphuno ali mnyamata. Koma za mlaza akana, akuti mdzukulu wawo sangayambire zakunyanja pamene nsungwi zili kuseri kwa nyumba. Ine ndiufunabe, pali mwana wa achemwali anga amene amakagula usipa ku Senga Bay. Funso langa, ndikaupeza msanga ndiusunge bwanji kuti anawo asadzaupeze utafumbwa?

Vuto la ulusi lija likadalipo. Kuno mpaka ndikwere minibasi kupita ku Lilongwe, ndipo mtengo wake ndi woti sungapatse mwana kuti aziphunzirira n'kumadula.

Mdzukulu wa ku Joni

Agogo, ulusi musagule. Kaunjika yemweyo amene mpongozi wanu akunenayo ndiye sitolo yanu ya ulusi.

Ine ndinakulira kwa agogo anga ku Dowa, tinkagona kukuka ndi asuweni anga, ndipo ulusi wa m'sitolo sitinkaudziwa. Agogo ankagula juzi yaikulu ya abambo, yoboka pachigongono yomwe wogulitsa akungofuna imuchoke, n'kuimasula yonse. Chinsinsi chili posankha. Muitembenuze muone msoko wa m'mbali. Ngati zidutswa zake anazilumikiza ndi ulusi, m'mphepete muli mosalala, imeneyo tengani: mukamasula msokowo n'kupeza nsonga kumtunda, dzanja lonse limatuluka ulusi umodzi osaduka. Koma ngati m'mphepete anachita kudula ndi makina n'kupana ndi ulusi wopyapyala wambirimbiri, isiyeni, mudzangopeza tizidutswa ta mzere umodzi umodzi. Ya ulusi wonenepa ndi yabwino kwa wophunzira, maso ake amaoneka bwino. Yopyapyala kwambiri, kapena imene inachapidwa m'madzi otentha mpaka kugwirana, musataye nayo ndalama.

Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana. Muukulunge kumsana kwa mpando, mumange m'malo angapo kuti usasokonekere, muuviike m'madzi ofunda a sopo pang'ono, kenako muupachike pamthunzi mutamangirira kabotolo ka madzi kumunsi. Ukauma umawongoka.

Ndipo kumasulako muwapatse anawo. Palibe mwana amene amakana kuphwasula chinthu atauzidwa ndi wamkulu kuti phwasula. Ife tinkalimbirana. Wina amakoka, wina watambasula manja ulusi uli m'mikono, agogo akukulunga mpira uku akuyamba kuti padangotero, ife tili tonse. Kuluka kwenikweniko ine ndinadzayamba mochedwa, nditaona msuweni wanga watha kachipewa ka chidole chake cha chitsononkho, nsanje itandigwira. Agogo sanandiitanepo kuti bwera ndikuphunzitse. Ankangokhala pakhonde dzuwa la m'mawa likuwomba, singano zina zili poteropo pamkeka ngati zaiwalika.

Kuno ku Johannesburg Juni ndi Julaye kumazizira zoti ku Dedza kumachepa, m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Zipewa za ana anga ndimaluka ndekha ndikaweruka, ndipo amayi anzanga a ku Malawi kuno amandipatsa maoda. Si ndalama yoti ungamangire nyumba, komabe ya buledi imapezeka.

Aphunzitsi a ku Kasungu

Mayi, monga mphunzitsi mnzanu ndikufunseni: bwanji mwagawiratu kuti singano ndi za mtsikana, nsungwi za mnyamata? Nthawi yanu atsikana ankapita kukasoka anyamata ali kunja ndi zosemasema, koma pano mu Expressive Arts timawaika pamodzi, ndipo m'kalasi mwanga amene amaluka mwaukhondo kwambiri chaka chino ndi mnyamata. Ayikireni zonse poyera, aliyense atole chimene chamukoka. Mwina mtsikanayo ndi amene adzakhale pambali pa agogo ake aamuna, poti pajatu amamutcha mkazi wawo.

Komanso musawatsekere pakhonde tsiku lonse. Ogasiti m'minda mwayera, anzawo akusaka mbewa, akupanga magalimoto a mawaya, atsikana ali pa phada ndi fulaye. Mnyamata amene wapinda waya mpaka galimoto kuyenda, zala zake zaphunzira kale theka la dengu. Ndipo mtsikanayo akadzagwira bwino singano, muuzeni kuti m'zipatala ana obadwa masiku asanakwane, aja amawasunga pachifuwa pa mayi awo, amafunika tizipewa ndi timasokosi nthawi zonse. Kachipewa kotero ndi kakang'ono, amatha masiku awiri, ndipo mwana akadziwa kuti kakavalidwa ndi khanda lenileni amakaluka mosamala kuposa ka chidole.

Bambo wa ku Mangochi

Mayi, za kasungidwe. Mlaza mdani wake ndi chinyontho ndi chiswe. Musauike pansi kapena kuutsamiritsa kukhoma. Umangeni mtolo, muupachike kudenga, koma osati kukhitchini chifukwa utsi umaudetsa ndipo suyeranso. Ukauma bwino umakhala miyezi osavuta, tsono Julaye si patali.

Tsiku loti mugwiritse ntchito, tengani wokwana tsikulo lokha, muuwaze madzi madzulo n'kuukulunga m'chiguduli chonyowa, m'mawa mudzaupeza wofewa. Wouma umathyoka popinda, mwana n'kumaganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo. Mukafuna wamitundu, utoto wa ufa uja amagulitsa m'misika mumauwiritsa m'chitini chakale ndi mchere pang'ono, osati mumphika wa ndiwo, ndipo kuwiritsako muchite nokha anawo ali patali. Mwana wa achemwali anuyo mumuuze asankhe woyera wopanda mawanga akuda, ndipo pobwera asauike m'thumba limodzi ndi usipa, fungo lake silichoka.