Ku Liwonde ndi ana mu Disembala, ndithandizeni nzeru

Abale anga, mu Disembala tikubwera kumudzi kuchokera ku Leeds, ndipo ana andikakamira kuti tikagone masiku awiri ku Liwonde National Park akaone njovu ndi mvuu. Chikundidetsa nkhawa ndi malungo. Anawa anabadwira kuno, udzudzu wa m'mphepete mwa Shire sunawalumepo, komanso mvula idzakhala itayamba. Kodi mapilitsi oteteza ku malungo ayambiretu kumwa tisananyamuke, kapena neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu n'zokwanira? Nanga kashembe? Akuti amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu.

Kwinaku akufunanso kukwera boti. Wamng'onoyo ali ndi zaka 5, sakhazikika ngakhale patebulo, pomwe ng'ona za mu Shire si zamasewera. Inu amene munapitako ndi ana, a msinkhu umenewu amawalola kukwera?