GTX 970 yachiwiri pa SLI, kapena ndidikire khadi limodzi lamphamvu?

Kabaza97 analemba:

Moni nonse muno. Kompyuta yanga ndinalumikiza ndekha kalekale: i5-6600K, motherboard ya Z170 yokhala ndi malo awiri aatali a PCIe, RAM 16GB, power supply ya 550W, ndi khadi la graphics limodzi la Nvidia, GTX 970. Sikirini ndi ya 1080p basi. GTA V ndi The Witcher 3 zimayenda bwinobwino, koma magemu atsopanowa ayamba kundichititsa manyazi. Cyberpunk 2077 ndikangolowa pakati pa tawuni pomwe pali anthu ambiri, imayamba kudukizadukiza ngakhale nditatsitsa zonse.

Mnzanga wina akusamukira ku Mzuzu ndiye akugulitsa GTX 970 yake, yofanana ndendende ndi yanga, pamtengo wozizira zedi. Iye akuti ndingoziphatikiza pa SLI (njira ya Nvidia yoti makhadi awiri azigwira ntchito limodzi), mphamvu ikhala kawiri, memory nayo ikwana 8GB. Njira ina ndi yoti ndigulitse yangayi, ndisunge ndalama miyezi ingapo, kenako ndiitanitse RX 6600 kapena RTX 3060. Ya mnzangayi ndikhoza kukatenga mawa lomwe, inayo ndi mpaka chaka chithe. Akuluakulu, inu mukanatani?

Madala_Voodoo analemba:

Achimwene, musagule. Ndikufotokozerani chifukwa chake, poti mnzanuyo sakukunamizani dala, akungonena zomwe zinali zoona theka zaka khumi zapitazo.

Tiyambe ndi 8GB ija, kulibe. Pa SLI khadi lililonse limasunga zinthu zomwezo zomwe linzake lasunga, ma texture omwewo, mapu omwewo, chifukwa lililonse likuyenera kujambula chithunzi chathunthu palokha. Makhadi awiri a 4GB amakupatsani 4GB. Ndipo pa GTX 970 nkhani imaipiranso, chifukwa mu 2015 zinadziwika kuti mwa 4GB imeneyo, 3.5GB yokha ndiyo yothamanga, theka la GB lotsalalo ndi lochedwa kwambiri. Nkhaniyi inafika kukhoti ku America, ndipo Nvidia inavomera kulipira ogula madola 30 pa khadi. Ndiye gemu ikafuna memory yoposa 3.5GB, makhadi anu awiriwo adzatsamwa onse nthawi imodzi, pamalo omwewo pomwe limodzili likutsamwa lero.

Tsono za mphamvu kawiri. SLI imagwira ntchito mosinthana: khadi loyamba lijambula chithunzi choyamba, lachiwiri chachiwiri, loyamba chachitatu, choncho. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Misi ikamatsika molandizana bwino, ntchito imathamangadi, koma wina akangochedwa pang'ono mumamva gu-gu... gu-gu... m'malo mwa gu, gu, gu, gu. Pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi. Nambala ya fps (zithunzi pa sekondi) pakona ikuti 80, koma maso anu akuona ngati 45, chifukwa zithunzi ziwiri zabwera mothithikana kenako pakhala kampata. Ndi chimene amachitcha micro-stutter, ndipo ine chinkandipweteka mutu kuposa fps yotsika yokhazikika.

Magemu amakono ndiye anachita kuiphera pomwepo njira imeneyi. Ambiri amagwiritsa ntchito chithunzi chapitacho pokonza chotsatira, monga TAA yosalaza m'mphepete mwa zinthu. Ngati chithunzi chapitacho chili pa khadi linalo, liyenera kudikira kuti litumiziridwe, phindu lonse n'kuthera pa kudikirako. Komanso pa DirectX 11 (njira yomwe gemu imalankhulirana ndi khadi) ntchito yogawa zithunzi ku makhadi awiriwo inali ya draiva, Nvidia inkatulutsa profile ya gemu iliyonse. Pa DirectX 12 udindowo unapita kwa opanga gemu, ndipo ndi ochepa amene anavutikira, monga a Ashes of the Singularity ndi Shadow of the Tomb Raider. Cyberpunk yanuyo ndi ya DirectX 12 yokhayokha ndipo sidziwa n'komwe kuti muli khadi lachiwiri. Lizingozungulitsa mafani.

Eni ake omwe anaisiya. GTX 1060 ya 2016 inabwera yopanda polumikizira SLI. Pa ma RTX 30 ndi 3090 ndi 3090 Ti zokha zomwe zinali ndi NVLink, cholumikizira chatsopano cha SLI, 4090 ilibiretu. Kuyambira pa 1 January 2021 Nvidia inasiya kulemba ma profile atsopano a SLI. AMD nayo dzina la CrossFire, njira yake yofanana ndi SLI, inaliika pambali mu 2017. Ine ndinayamba kusewera nthawi ya kampani ya makhadi ya 3dfx, pomwe Voodoo2 ziwiri za 1998 zinkagawana mizere ya sikirini, lina mzere uwu lina wotsatira, ndipo aliyense ankazilota. Nvidia itagula katundu wa 3dfx inadzutsanso dzina la SLI, lomwe linayamba ndi 3dfx, mu 2004. Ndiye sikuti ndikunyoza chinthu chomwe sindinachikondepo, koma nthawi yake inapita.

Nachisale3D analemba:

A Madala mwanena zoona koma mwaumitsa kwambiri. Mnyamatayu watchula GTA V ndi The Witcher 3, zonsezo zimayenda pa DirectX 11 ndipo ma profile ake alipo m'madraiva mpaka lero, sanafufutidwe. GTA V makamaka inkapindula kwambiri ndi makhadi awiri. Munthu amene magemu ake ndi a 2013 mpaka 2016 ndipo sakufuna zina, 970 yachiwiri yotchipa si misala ayi.

Ndiponso makhadi awiri si a gemu pokha. Ine ndimajambula mapulani a nyumba mu Blender ndipo muli makhadi awiri a Nvidia m'kompyuta mwanga, opanda bridge, opanda SLI. Cycles, yomwe imachita render mu Blender, imangogawa ntchito, lililonse lichite mbali yake, ndipo nthawi yodikira render inatsika moonekeratu. Kumeneko kulibe zodukizadukiza chifukwa palibe amene akuthamangitsana ndi sikirini. Achimwene a Kabaza, ngati mumachitako za 3D nenani, yankho lisintha.

Madala_Voodoo analemba:

Achemwali, za Blender sinditsutsa. Koma taonani zomwe walemba mwini wake: GTA V ndi Witcher zikuyenda kale bwino pa khadi limodzi. SLI imuthandiza pomwe sakudandaula, n'kumusiya pomwe akulira.

Fundi_wa_maPC analemba:

Ine ndimakonza makompyuta kuno ku Johannesburg, ndiye ndilankhula za m'kati mwa kesi, zomwe anzangawa sanakhudze.

Choyamba pezani bokosi kapena buku la motherboard yanu muone ngati pali chizindikiro cha SLI. Kukhala ndi malo awiri aatali sikokwanira. Nvidia imafuna kuti malo onse awiri aziyenda pa x8, kutanthauza njira zisanu ndi zitatu zodutsa data, ndipo ma Z170 otchipa ambiri malo apansiwo ndi x4 chabe, kutalika kwake n'kwa pulasitiki basi. Mukayang'anitsitsa m'kati mwake muona kuti timapini tachitsulo tathera panjira. Board yotere imalola CrossFire koma SLI imakana. Mufunikanso ka bridge kaja kolumikiza makhadi pamwamba, ndipo anthu ambiri anataya kalekale.

Kenako magetsi. GTX 970 imodzi pa pepala ndi 145W, ndipo zambiri za makampani ena zimadya kuposa apo. Ziwiri ndi 290W, i5-6600K ndi 91W, onjezani ma disk ndi mafani. Nvidia yomwe inkati khadi limodzi lifuna power supply ya 500W. Yanu ya 550W, yomwe yagwira ntchito zaka zonsezi, muikakamiza mpaka kumapeto. Werengani ndi mawaya omwe: 970 zambiri zimafuna mapulagi awiri a 6-pin, ndiye anayi onse pamodzi. Musayerekeze kugwiritsa ntchito tima adapter tochokera ku Molex kapena SATA, ndalandirapo makompyuta angapo pulagi itasungunuka n'kuda bii, kesi yonse ikununkha pulasitiki wopsa. Mukawonjezera mtengo wa power supply yatsopano ya 750W, kutchipa kwa khadi la mnzanuyo kwatha.

Kutentha nakonso. Khadi lapamwamba limakoka mpweya wotentha wochokera kumsana kwa linzake, ndipo mpata pakati pawo nthawi zina chala sichilowa. Mwezi wa October kumudziko, m'chipinda cha malata, khadi limenelo likafika cha m'ma 80 digiri lizidzichepetsa lokha liwiro. Ngati mumadalira inverter kapena UPS magetsi akazima, batire izitha msanga, mayunitsi nawonso muziwaona akutsika.

RX 6600 ndi 132W, pulagi imodzi ya 8-pin, 8GB yeniyeni. Imadya magetsi ochepa poyerekeza ndi 970 imodzi yomwe muli nayoyo, koma pa 1080p imafika pomwe ma 970 awiri ankafika zinthu zikawayendera, ndipo imatero pa gemu iliyonse. RTX 3060 ndi 170W, ili ndi 12GB komanso DLSS, njira ya Nvidia yojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa kuti fps ikwere, yomwe mu Cyberpunk imathandiza kwambiri. Zonse ziwiri power supply yanu ikwanitsa. Pa RTX 3060 samalani, iliponso ya 8GB yomwe ndi yofooka kuposa ya 12GB, dzina lomwelo.

Koma pali china chomwe chandikayikitsa. Mwati imadukiza mukafika pa anthu ambiri ngakhale mutatsitsa zonse. Chimenecho kawirikawiri si khadi, ndi purosesa. i5-6600K ili ndi ma core anayi, ma thread anayi basi, ndipo chigulu cha anthu ndi magalimoto m'tawuni chimawerengedwa ndi purosesa. Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner, yatsani manambala pa sikirini, pitani pamalo omwewo. Mukaona CPU (purosesa) ili pa 100% pomwe GPU (khadi) ikusewera m'ma 60 kapena 70, dziwani kuti ngakhale khadi latsopano silichotsa vutolo lonse.

Kabaza97 analemba:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Achemwali, za 3D sindichita, ine ndi gemu basi. Buku la board ndalipeza, palembedwa CrossFire yokha, malo apansi ndi x4 monga mwanenera a Fundi. Ndiye nkhani ya SLI yafera pomwepo ngakhale ndikanafuna. Afterburner ndaika: pamsika paja mu gemu ma core onse anayi ali pa 100%, GPU ikusinthasintha, memory ili pa 3.4GB. Ndiye kuti zonse ziwiri zatopa? Ndiyambe ndi chiti?

Fundi_wa_maPC analemba:

Yambani ndi khadi, chifukwa lidzasamuka nanu mukadzasintha board. Pakadali pano tsitsani crowd density mu Cyberpunk, purosesa ipumako, ndipo yatsani FSR, njira ya AMD yofanana ndi DLSS, imagwira ngakhale pa 970. Mukapeza i7-6700K yakaunjika pamtengo wabwino, imalowa pa board yomweyo ndipo ili ndi ma thread 8. i7-7700K imalowanso, koma muyambe mwasintha BIOS purosesa yakaleyo idakali momwemo. Ndipo yanu 970 igulitseni msanga, mnzanuyo asanadzaze msika ndi yake.