Zolankhula za apulezidenti mChichewa zimapezeka kuti?

Abale ndithandizeni. Apulezidenti akamalankhula ku palamenti ku Lilongwe zonse zimakhala mchizungu, ndiye amayi anga amakhalira pawailesi koma amangotolapo feteleza ndi chimanga basi, kenako foni kwa ine kuti ndiwamasulire, chonsecho nanenso chizungu cha zabajeti chimandidutsa. Paja Kamuzu ankalankhula chizungu pamsonkhano koma pambali pali womasulira, pano bwanji?

Pa Facebook ndiye chisokonezo chokhachokha, mapeji a dzina la a Mutharika ndi a Chakwera ali mbwee, ena mpaka kumalonjeza ndalama ukatumiza nambala. Peji yeniyeni mumaizindikira bwanji inu? Nanga alipo amene amaika zolankhulazi mChichewa, olo kaodiyo ka pa WhatsApp koti ndiwatumizire amayi?