Ulendo woyamba ku Kariakoo, ndithandizeni nzeru

Nabanda:
Abale mwezi wamawa ndikupita ku Dar es Salaam koyamba kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo, ndiye anthu akungondiopseza za akuba, Chiswahili nachonso sindidziwa olo pang'ono. Amene munafikako tandiuzani zenizeni.

Mayi a Tadala:
Asisi musaope, ife tinayambanso choncho. Kariakoo si msika umodzi ngati wa ku Limbe ayi, ndi dera lonse, misewu yambirimbiri mashopu mpaka m'mwamba, zovala zambiri mukazipeza mu Congo Street koma kuthithikana kwake eee, chikwama chikhale kutsogolo, foni musamangoitulutsa. Tsiku loyamba osagula kanthu, ingozungulirani mukufunsa mitengo. Ine ndinapupuluma, ndinagula zitenje pa shopu yoyamba, kungokhota pakona ndikupeza zomwezo zotchipa, mtima unandiwawa mpaka ku Mbeya.

Che Bwanali:
Mawu awiri okha akukwanirani achemwali. "Bei gani" ndiye kuti zingati, "punguza" ndiye kuti tsitsani. Zikavuta mupatseni calculator alembe yekha. Mukamasintha makwacha pa boda ya Songwe muwerenge mashilingi anuwo kawiri musanapereke zanu, anyamata ena manja awo ndi achangu.

Nabanda:
Zikomo kwambiri, nanga Lamulungu amatsegula?

Mayi a Tadala:
Mashopu ambiri amatseka, konzani zoti mufike mkati mwa sabata. Ndipo malisiti musataye, pa boda pobwera akawafuna.