Ndabweranso pa funso langa la multiple sclerosis

Miyezi inayi yapitayo ndinafunsa kuti munthu amapirira bwanji akangouzidwa kuti ali ndi matenda a multiple sclerosis, omwe amachititsa chitetezo cha m'thupi kuwononga chokutira mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana. Nthawi imeneyo tulo sindinkatiwona, ndinkangokhalira kulira. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Ndinamvera amene munati ndisiye kufufuza pa intaneti usiku komanso ndikaonane ndi katswiri wa za maganizo. Poyamba ndinkakana, ndimvekere vuto langa lili m'mitsempha, osati m'maganizo. Iye anandifotokozera kuti pafupifupi theka la odwala matendawa amadwalanso matenda a maganizo nthawi ina. Mantha amachititsa, koma chitetezo cha m'thupi chikamawononga chokutira mitsempha ya mu ubongo, zimakhudzanso mmene munthu akumvera mumtima. Nditamva zimenezo ndinasiya kudziimba mlandu woti ndine wofooka.

Wina anati ndiuze aliyense. Izo ayi. Ndinauza amuna anga, mchemwali wanga ndi abwana anga basi, ndipo sindikudandaula.

Chandithandiza kwambiri ndi kabuku komwe ndimalembamo mmene tsiku layendera. Ndinaona kuti ndikasamba madzi otentha kapena kukhalitsa padzuwa, m'maso mumachita chifunga ndipo mwendo umalemera. Ndinkati matenda akula. Adokotala anati kutentha kumangodzutsa zizindikiro zakale kwa kanthawi, thupi likazizira zimatha. Ndikanadziwa kale! Tsopano ntchito zolemera ndimagwira m'mawa, kutopa kusanandigwire.

Masiku olira akadalipo, makamaka MRI (kujambula m'kati mwa thupi ndi makina a kuchipatala) ikayandikira. Yotsatira ili mwezi wamawa, mchemwali wanga wati andiperekeza.