Timatuza ta buluu pakhungu ndi kuchepa kwa magazi mwa mwana

Mayi wa ana atatu:
Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anabadwa ndi timatuza ta buluu pamsana ndi kuphazi, tofewa ngati labala, tomwe timaphwa ukatidina kenako n'kudzazanso. Chaka chino waikidwa magazi kawiri, ndipo nthawi zina chimbudzi chake chimakhala chakuda ngati phula. Adokotala atchula matenda otchedwa blue rubber bleb nevus syndrome. Kodi zapakhunguzi zikukhudzana bwanji ndi kutha kwa magazi?

Namwino wopuma pantchito:
Amayi, timatuzato ndi mitsempha yobwezera magazi kumtima yomwe sinapangike bwino, ndipo ina yofanana nayo imapezekanso m'kati mwa matumbo, makamaka aang'ono. Yapakhungu siichucha magazi kawirikawiri, koma ya m'matumbo imadontha pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri mpaka ayironi kutha m'thupi, n'chifukwa chake mwana amafooka popanda bala looneka. Chimbudzi chakuda chikhoza kukhala magazi ogayika, ngakhale kuti mapiritsi a ayironi nawonso amadetsa chimbudzi, choncho ndi bwino kuchiyezetsa. Dzina la matendawa analipereka ndi dokotala William Bean mu 1958. Nthawi zambiri gwero lake ndi kusintha kwa jini (malangizo achibadwa oyendetsa kapangidwe ka thupi) yotchedwa TEK m'maselo ena mwana akadali m'mimba, osati kutengera kwa makolo, ndiye musadziimbe mlandu.

Bambo wodwala kamfuno:
Ndikupemphani kuti musasokoneze matenda a mwanayu ndi matenda anga a Osler-Weber-Rendu, omwe amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5,000 ndipo amayenda m'magazi a kumtundu. Ife timakhala ndi timadontho tofiira pamilomo, palilime ndi kuzala, timavutika ndi kamfuno wosatha, komanso mitsempha yolakwika imatha kupezeka m'mapapo, m'chiwindi ndi mu ubongo.

Namwino wopuma pantchito:
Mwanena zoona, bambo. Amayi, kwa mwanayu, mufunse za kuunika matumbo ndi kamera, kuphatikizapo ija yaing'ono yomeza ngati kapisozi, chifukwa paipi yolowetsa kukamwa siifika kutali m'matumbo aang'ono. Mitsempha yodontha amatha kuiwotcha, kuimanga kapena kudula chigawo cha thumbo, ndipo mankhwala a sirolimus athandiza ana ambiri kuchepetsa kuikidwa magazi, ngakhale kuti amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Musamupatse aspirin kapena ibuprofen. Akasanza magazi, akakomoka, kapena m'mimba mukapota mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, popeza timatuza ta m'kati timatha kupangitsa thumbo kulowa m'linzake.